Adokotala, Mufunseni Wodwala Akadali ndi Mawu

Azakhali anga anagona m'chipatala masabata 7 asanatisiye. Chipatalacho sindichitchula, chifukwa zomwe ndinaona kumeneko zikanatha kuchitika kwina kulikonse, ndipo anamwino ake ankagwira ntchito mpaka mapazi kutupa. Pomwe tinkafika nawo, khansa ya khomo la chiberekero inali itafalikira kale. Adokotala ankadziwa. Anamwino ankadziwa. Ife apabanja anatiitanira pakhonde, dokotala wachinyamata n'kutiuza motsitsa mawu, maso ali pa fayilo, kuti matendawa apita patali. Amene sanauzidwe anali mmodzi yekha, mwini thupi.

M'mawa uliwonse pa nthawi ya raundi, gulu la ovala zoyera linkaima kumiyendo kwa bedi n'kumakambirana m'Chingerezi. Kenaka mmodzi ankawerama: "Mwadzuka bwanji, amayi?" Azakhali ankati adzuka bwino, monga amayankhira aliyense woleredwa pamudzi. Ife tinkathirirapo ndemanga yathu: "Mupeza bwino, azakhali, limbani mtima." Tsiku lina madzulo, mlongo wanga akuwapukuta kumaso ndi kansalu konyowa, anafunsa: "Kodi mbuzi zija mwagulitsapo zingati?" Tinali titagulitsa 4. Anatsinzina, osanenanso kanthu.

Sabata yachisanu itatha anasiya kulankhula, ndipo m'pamene mkangano unabuka panja, pansi pa mtengo pomwe magadiyani amaphikira. Bambo anga aakulu, omwe ndi mlongo wawo komanso mwinimbumba, ankati tikongole ndalama tiwatengere ku chipatala china. Mwana woyamba wa azakhali ankati tibwerere nawo kumudzi akadali ndi mpweya. Aliyense ankayamba ndi mawu omwewo: "Iwowa akanafuna kuti..." Komatu kwa masabata 5 athunthu anali ndi mawu awo, ndipo palibe anawafunsa.

Kwa zaka zingapo ndinkamusungira mangawa dokotala uja. Ndinasiya. Mnyamatayo anaphunzitsidwa kuwerenga zithunzi za m'thupi, kupeza mtsempha wobisala, kuwerengera mlingo wa mankhwala. Koma kukoka mpando, kukhala pansi pafupi ndi mayi wa msinkhu wa amayi ake, n'kumufunsa zomwe akufuna pa masiku omwe atsala, limenelo ndi luso lina. Munthu sabadwa nalo. Amachita kuphunzitsidwa, ndipo kuli malo padziko pano komwe anayesa kuliphunzitsa, kulakwitsa, n'kuyambiranso.

Ku America ndi ku Ulaya kuli chikalata chomwe amachitcha advance directive. M'chiyankhulo chathu tingati ndi mawu osiyiratu. Munthu akadali ndi nzeru zake amalemba chithandizo chomwe angadzalole ndi chomwe angadzakane ngati atadwala mpaka kulephera kulankhula, ndipo amatchula munthu wodzamulankhulira. Chikalatachi sichigawa chuma ngati wilo, komanso sichipatsa dokotala chilolezo chofupikitsa moyo wa munthu. Chimangonena malire a zomwe achipatala angachite pa thupi lake. Ganizoli analilemba momveka ndi loya wa ku Chicago, Luis Kutner, mu 1969, koma zomwe zinalikhazikitsa ndi nkhani za atsikana awiri.

Woyamba anali Karen Ann Quinlan wa ku New Jersey, yemwe anakomoka mu 1975 ali ndi zaka 21 ndipo sanatsitsimukenso. Makolo ake, omwe anali Akatolika opemphera, anapempha kuti achotsedwe pa makina opumira. Achipatala anakana, nkhani inakafika kukhoti, ndipo mu 1976 khoti lalikulu la New Jersey linagwirizana ndi makolowo. Makina atachotsedwa, Karen anapitiriza kupuma yekha mpaka anamwalira mu 1985. Wachiwiri anali Nancy Cruzan wa ku Missouri, yemwe anachita ngozi ya galimoto mu 1983 n'kukhala chikomokere, akudyetsedwa kudzera m'chubu. Mu 1990 khoti lalikulu la dziko la America linagamula kuti boma la Missouri lili ndi ufulu wofuna umboni womveka bwino wa zomwe Nancy mwini wake akanafuna. Umboniwo unadzachokera kwa anzake omwe ankagwira nawo ntchito, amene anakumbukira zomwe iye anawauzapo pocheza. Chubu chinachotsedwa mu Disembala chaka chomwecho, patatha zaka pafupifupi 8 banja likuzunzika.

Aphungu a dzikolo anathamangira kupanga lamulo, Patient Self-Determination Act ya 1990. Kuyambira kumapeto kwa 1991, chipatala chilichonse cholandira ndalama za boma chinayenera kufunsa wodwala ngati ali ndi chikalatachi ndi kumudziwitsa za ufulu wake. Koma m'zipatala zambiri ntchitoyi inagwera kalaliki wolandira odwala pakhomo. Funso linkafunsidwa pamodzi ndi la adiresi ndi la inshuwalansi, cholembera n'kuchonga, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mu 1995 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wotchedwa SUPPORT, yemwe anatsatira odwala kwambiri oposa 9,000 m'zipatala 5 zophunzitsira madokotala. Anapeza kuti mwa odwala omwe sankafuna kuti adzawatsitsimutse mtima ukaima, madokotala awo ankadziwa zimenezo pa odwala 47 okha mwa 100 alionse. Theka la omwe anamwalirira m'chipatala akadali ozindikira anali mu ululu waukulu kwa nthawi yaitali m'masiku awo otsiriza, malinga ndi abale awo. Ofufuzawo anayesa kukonza zinthu polemba anamwino apadera oti azicheza ndi odwala n'kumakatula uthengawo kwa madokotala. Sizinasinthe kanthu. Uthenga unkafika, koma unkafikira anthu omwe sanaphunzitsidwe chochita nawo, m'zipatala zomwe kachitidwe kake kanali kakale komweko.

Pa nthawi yomweyo, m'tauni ya La Crosse m'chigawo cha Wisconsin, m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi, munkachitika zina. Tauniyi ndi yaing'ono, ya anthu pafupifupi 50,000. Pa chipatala cha Gundersen pankagwira ntchito Bernard Hammes, yemwe ambiri amamutchula kuti Bud. Iye sanali dokotala wa mankhwala. Anaphunzira za filosofi, ndipo ntchito yake inali kuthandiza achipatala ndi mabanja akasowa pogwira. Ankaitanidwa nthawi itatha kale: wodwala ali chikomokere, ana akukangana, adokotala akudikira yankho. Ataona kuti mkangano wake ndi umodzimodzi banja lililonse, anaganiza zoyambira kumtunda kwa mtsinje. Anayamba kuphunzitsa anamwino kufunsa odwala akadali bwino.

Mu 1991 zipatala za m'tauniyo, zomwe zinkapikisana pa malonda, zinagwirizana kuchita chinthu chimodzi, ndipo ntchitoyi inadzatchedwa Respecting Choices. Anaphunzitsa anamwino, ogwira ntchito zothandiza mabanja, abusa a m'chipatala ndi anthu ongodzipereka kuti akhale otsogolera zokambiranazi. Anagwirizana za chikalata chimodzi komanso malo amodzi m'fayilo pomwe chizikhala, kuti dokotala wa usiku asamachisake. Poyamba, anthu pafupifupi 15 mwa 100 alionse m'deralo ndi omwe anali ndi mawu osiyiratu. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 1998, woona za anthu 540 omwe anamwalira, anapeza kuti 85 mwa 100 alionse anali atalemba, zikalata pafupifupi zonse zinali m'mafayilo awo, ndipo chithandizo chomwe analandira chinatsata zomwe ananena pafupifupi nthawi zonse.

Lamulo la ku La Crosse linali lomwelo la dziko lonse. Chosiyana chinali zomwe ogwira ntchito anaphunzira, ndipo apa m'pomwe ndikufuna tidekhepo.

Wophunzitsidwa bwino sayamba ndi mndandanda wa makina. Sayamba ndi kufunsa ngati munthu akufuna chubu chapakhosi, chifukwa munthu wamba sadziwa chubu chimenecho, ndipo akamva funso lotere amangoona ngati akumuuza kuti wafa kale. Amayamba ndi kufunsa zomwe wodwala akudziwa za matenda ake. Amafunsa ngati anaonapo m'bale akudwala mpaka kumwalira, ndi zomwe anaphunzirapo. Amafunsa chomwe chimachititsa tsiku kukhala labwino kwa iye, chomwe akuopa, ndi munthu yemwe amamukhulupirira kuti angamulankhulire. Munthu wotchulidwayo amaitanidwa kuti adzamve ndi makutu ake, chifukwa wolankhulira mnzake yemwe sanamve kanthu amangolota ngati tinkalotera ife pansi pa mtengo paja. Zolemba zimabwera pamapeto, ndipo zimaunikidwanso matenda akasintha.

Mbali yovuta kwambiri ya maphunzirowa ndi kukhala chete. Kafukufuku wina wa mu 1984 anapeza kuti madokotala ankadula mawu wodwala patangotha masekondi pafupifupi 18 chiyambireni kufotokoza. Wodwala akagwetsa misozi, dokotala wosaphunzitsidwa amathawira ku manambala a zoyeza magazi kapena ku malonjezo. Wophunzitsidwa amadikira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. N'chifukwa chake maphunziro monga a VitalTalk ku America sadalira kwambiri kulemba pabolodi. Amabweretsa munthu wochita sewero kuti akhale ngati wodwala, dokotala n'kuyesa kumuuza uthenga wowawa anzake akuonerera. Akalakwitsa, mphunzitsi amaimitsa, amakambirana, n'kuyambiranso, monga momwe wophunzira amabwerezera kusoka bala mpaka dzanja litazolowera.

Palinso china choyenera kuphunzitsidwa, chokhudza mtima wa dokotala mwini wake. Nicholas Christakis ndi Elizabeth Lamont anafunsa madokotala 343 ku Chicago kuti anene nthawi yomwe odwala awo osachiritsika atsala nayo. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2000, zinaonetsa kuti analondola pa odwala 20 okha mwa 100 alionse, ndipo pa 63 mwa 100 anatchula nthawi yaitali kuposa yeniyeni. Dokotala yemwe anamudziwa wodwala kwa nthawi yaitali ndiye ankaphonya kwambiri. Ine ndimaona chikondi m'manambala amenewa. Dokotala naye ndi munthu, safuna kutaya munthu wake. Koma chikondi chomwecho chimamuchititsa kunena kuti tikambirana mawa, mpaka mawa lija kupeza wodwala alibe mawu.

Njira ya ku La Crosse inayesedwanso ku Melbourne, m'dziko la Australia, pa odwala 309 a zaka 80 kupita m'tsogolo. Mwa omwe anamwalira, zofuna zawo zinadziwika ndi kutsatidwa pa 86 mwa 100 alionse m'gulu lomwe linacheza ndi wophunzitsidwa, poyerekeza ndi 30 mwa 100 m'gulu linalo. Chomwe chimandigwira mtima pa kafukufuku wa mu 2010 ameneyu ndi cha otsala: abale a gulu loyamba anali ndi nkhawa komanso kusweka mtima kocheperapo maliro atatha.

Kopanda maphunziro, chikalata chomwechi chimasanduka chida chopweteka. Abale athu ambiri omwe akugwira ntchito ya unamwino ndi yosamalira okalamba ku Britain amaidziwa fomu ya DNACPR, yonena kuti mtima ukaima asayese kuutsitsimutsa. Mu 2014 khoti la apilo kumeneko linagamula, pa nkhani ya mayi Janet Tracey, kuti madokotala analakwa poika fomuyi m'fayilo yake osakambirana naye. Mliri wa Covid-19 utafika, bungwe loyang'anira zipatala la Care Quality Commission linapeza mu 2021 kuti anthu ena anaikiridwa fomuyi popanda iwo kapena abale awo kufunsidwa. Ngakhale ku America komwe zinayambira, akatswiri atatu odziwika pa chisamaliro cha odwala osachiritsika, Sean Morrison, Diane Meier ndi Robert Arnold, analemba mu 2021 kuti zaka zambiri zolimbikitsa anthu kulemba zikalata sizinabale zipatso zomwe ankayembekezera. Munthu wathanzi sangadziwiretu zomwe adzafune atadwala, ndipo maganizo amasintha. Akatswiriwa anati mphamvu zipite pa kusankha wolankhulira wodalirika ndi kuphunzitsa achipatala kukambirana ndi wodwala matenda akafika povuta. Ndikugwirizana nawo, ndipo kwa ife kuno uwu ndi uthenga wabwino, chifukwa kucheza sikulira makina kapena loya.

Wina anena kuti izi ndi za azungu, ife sitikamba za imfa. Si zoona. Agogo athu ankaitana ana n'kusiya mawu: munda uwu ndi wa uje, mwana uyu mumusamale, mukandiike pafupi ndi mayi anga. Kuyambira 2011 tili ndi lamulo latsopano la wilo ndi chuma cha masiye, ndipo mabungwe akhala akulimbikitsa anthu kulemba wilo pofuna kuthetsa kulanda katundu. Timakamba ndithu za zomwe zidzachitike munthu atapita. Chomwe sitikamba ndi masabata otsiriza iye akadalipo. Ndipo mawu osiyiratu si achilendo m'zipatala zathu. Anamwino ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia anakumanapo ndi wa Mboni za Yehova wonyamula khadi lokana kuikidwa magazi, losainidwa iye akadali bwino. Kaya munthu agwirizana ndi chikhulupiriro chimenecho kapena ayi, khadi limenelo ndi advance directive yeniyeni.

Mafunso athu okha ndiye osiyana ndi a ku Wisconsin. Kuno mabedi a odwala mwakayakaya ndi ochepa, ndipo ambiri mwa ife sitidzafika pa makina opumira. Mafunso athu ndi awa: kodi mukufuna kukhala m'chipatala kapena kunyumba? Tigulitse munda kuti tipite nanu kutali, ngakhale adokotala akuti mwayi ndi wochepa? Mwendo audule? Ana aang'ono atsala ndi yani? Aliyense amadziwa kuti kunyamula wodwala pa minibasi n'kotchipa kusiyana ndi kunyamula maliro, ndipo mabanja ambiri amapempha kutuluka m'chipatala pa chifukwa chimenechi, mwamanyazi, ngati akuthawa. Wachipatala wophunzitsidwa akhoza kuikamba nkhaniyi poyera, n'kuonetsetsa kuti wodwala akupita ndi mofini wakumwa, ndi malangizo kwa womudwazika, ndi kalata yopita ku chipatala chaching'ono cha kwawo.

Kwathu munthu sadwala yekha, ndipo sasankha yekha. Maphunziro ongokopera ku America, oika wodwala payekha ndi cholembera, sangagwire ntchito kuno. Mwinimbumba, mwamuna kapena mkazi wake, ana, nthawi zina abusa kapena shehe, onse ali ndi malo awo. Pali odwala ena omwe safunadi kumva zonse, ndipo amakonda kuti adokotala akambirane ndi mwana wawo wamkulu. Umenewo ndi ufulu wawo. Koma njira yodziwira ndi kumufunsa mwini wake poyamba: "Amayi, zotsatira zabwera. Kodi mukufuna ndikufotokozereni inuyo, kapena pali wina woti tikhale naye limodzi?" Funso limeneli silichotsera banja ulemu, komanso silimulanda wodwala mawu. Ndipo wachipatala ayenera kukhala tcheru, chifukwa pabwalo la banja mawu omwe amamira msanga ndi a mayi, makamaka wamasiye kapena wosauka.

Pali ngozi ina yomwe sindingaibise. M'dziko lomwe mankhwala amasowa, kukambirana za mapeto a moyo kungasanduke njira yaulemu yobwezera anthu osauka kunyumba. Zimenezo zingakhale nkhanza. Kukonzekera mapeto sikutanthauza kusiya kuthandiza. Pa chipatala cha Massachusetts General ku Boston, odwala 151 a khansa ya m'mapapo yofalikira anagawidwa pawiri. Omwe anayamba msanga kulandira chisamaliro chochepetsa ululu ndi kukambirana zofuna zawo, pamodzi ndi mankhwala a khansa, anakhala ndi moyo wabwinopo, ndipo anakhalitsa: pafupifupi miyezi 11.6 poyerekeza ndi 8.9 ya anzawo. Wophunzira aliyense wa zachipatala ayenera kumva zimenezi, kuti akamakoka mpando asamaganize kuti akulosera munthu imfa.

Poyambira tili napo kale. Africa inayamba ntchito yosamalira odwala osachiritsika ku Harare, komwe Island Hospice inatsegulidwa mu 1979, ndipo mu 1993 Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda yomwe inafalitsa mofini wakumwa wotsika mtengo. Kuno kwathu, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pali Umodzi yosamalira ana ndi Tiyanjane yosamalira akuluakulu, zomwe zinayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ku Salima kuli Ndi Moyo, yomwe anaiyambitsa namwino Lucy Finch. Bungwe la Palliative Care Association of Malawi lilipo kuyambira 2005, ndipo mu 2014 msonkhano waukulu wa World Health Organization unagwirizana kuti chisamaliro chotere chikhale mbali ya ntchito zaumoyo m'dziko lililonse komanso ya maphunziro a ogwira ntchito. Anthu a m'magulu amenewa amadziwa kale kukamba nkhani zowawa m'chiyankhulo chathu. Vuto ndi lakuti luso lawo limakhala m'kachipinda kamodzi kumapeto kwa khonde, ndipo wodwala amatumizidwako mochedwa, mwinanso osatumizidwa n'komwe.

Ndikudziwa yankho la namwino yemwe amatsala yekha ndi wodi yonse usiku: nthawi ndiitenga kuti? Ndi funso lachilungamo. Koma mkangano wa abale pakhonde umadyanso nthawi, ndipo wodwala wobwerabwera chifukwa palibe anamuuza zoona amadyanso bedi. Ku La Crosse sanasenzetse dokotala yekha katunduyu. Kuno tili ndi makiliniko ofisa, alangizi a zaumoyo m'midzi, abusa a m'zipatala ndi anthu odzipereka omwe anasamalira odwala Edzi m'makomo ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004. Tilinso ndi kabuku ka kuchipatala komwe Mmalawi amayenda nako kulikonse. Mizere itatu m'kabukuko, yonena yemwe adzamulankhulire, komwe akufuna kukhala ndi chomwe sakufuna, ingathandize dokotala wa pa chipatala china yemwe sanamuonepo.

Chomwe chikusowa kwambiri ndi mawu. Ophunzira athu amaphunzira matenda m'Chingerezi, amalemba mayeso m'Chingerezi, kenaka amakaima pa bedi la mayi wa ku Dedza kapena ku Mchinji opanda chiganizo ngakhale chimodzi chomwe anachiyeserapo. Mawu oti "palibenso chomwe tingachite" amatuluka chifukwa ndi okhawo omwe ali pafupi, pamene zoona zake ndi zakuti matendawa sachira koma ululu tingauthetse ndipo sitimusiya yekha.

Maliro a azakhali atatha, tikusesa pabwalo, mayi wina wa kumpingo kwawo anandikokera pambali. Anati pa sabata yachiwiri, atapita kukawazonda, azakhali anamuuza kuti akudziwa kuti sachira, kuti akufuna kukagona m'nyumba mwawo, ndipo mbuzi zotsala zisagulitsidwe chifukwa ndi za fizi ya mdzukulu. Anamupempha kuti asatiuze, poopa kutifooketsa. Iwo ankatiteteza ife, ife tikuwateteza iwo. Anamwalirira m'wodi usiku, ndipo m'khola munali mutatsala mbuzi imodzi.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi sukulu zonse za anamwino ndi makiliniko ofisa, komanso kwa Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi omwe amapereka ziphaso. Wophunzira asamalize maphunziro asanakhale pansi pamaso pa mphunzitsi n'kuyesera kucheza kumeneku, m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, ndipo kukhale mbali ya mayeso ake. Ndipo inu adokotala ndi anesi omwe muli kale pa ntchito, pa raundi ya Lolemba pali wodwala mmodzi yemwe mukudziwa mumtima kuti satuluka wochira. Musanaitanire abale ake pakhonde, yambani mwamufunsa iye.